Mwana wa mlongo wanga wasiya kudya nafe mbale imodzi

FUNSO: Mayi, kwathu ndi ku Makhanga koma panopa tikukhala mbali ya Bangula. Ndili ndi mwana wa mlongo wanga amene ndinamulera ndekha bambo ake atamwalira. Madzi a namondwe wa Freddy mu March 2023 anamukokolera mbuzi zonse, dimba linakwiririka ndi mchenga, ndipo banja limene ankafuna kumanga linathera panjira. Chaka chomwecho analowa kagulu ka mapemphero a usiku. Poyamba tinakondwa chifukwa anasiya kachasu. Koma tsopano sadya nafe mbale imodzi, akuti ndife a mdima. Pa maliro a azakhali ake sanabwere. Chisankho cha pa 16 September 2025 chisanachitike anang'amba chiphaso chake chovotera pamaso pa amayi ake, akuti maboma onse ndi a chilombo. Ndayesa kumuwerengera mavesi koma timangokangana. Mwana wanga wa ku sekondale akuti kuli anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza zoterezi. Kodi alikodi? Nanga anapeza chiyani chimene chingandithandize? Ndine atsibweni odandaula, Bangula.

YANKHO: Atsibweni, pepani ndithu. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pandiwawa kwambiri ndi pa mbalepo. Ife a kuchigwa timadziwa kuti ngakhale chaka cha njala, pamene chakudya chili nyika yozula m'dambo, mwana wa mlongo sadya payekha.

Mwana wanu wa ku sekondaleyo wanena zoona. Alikodi akatswiri a saikoloje amene amafufuza mmene munthu amaganizira ndi kuchitira zinthu akakhala pagulu. Ndikuuzani za mmodzi, Arie Kruglanski, chifukwa zimene anapeza zikumukwana mnyamata wanuyu ngati malaya omusokera. Anabadwa mu 1939 mumzinda wa Łódź ku Poland, m'banja la Chiyuda, chaka chimene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba. Pambuyo pake anakakhala ku Israel, digiri ya udokotala wa saikoloje anaitenga ku Los Angeles mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akuphunzitsa pa yunivesite ya Maryland ku America. Poyamba sankafufuza za zigawenga. Funso lake linali lakuti: n'chifukwa chiyani munthu zinthu zikamusokonekera amathamangira yankho lililonse, bola likhale lotseka nkhani, ndipo akaligwira safunanso kumva lina? Zigawenga zitapha anthu pafupifupi 3,000 ku America pa 11 September 2001, anatembenuzira funso lomweli kwa anthu otengeka mopyola muyeso pa chipembedzo ndi pa ndale. Iye ndi anzake sanangokhala mu ofesi. Anafunsa akaidi m'ndende ku Philippines, anafunsanso amene anali asilikali a gulu la Tamil Tigers ku Sri Lanka, nkhondo yawo itatha mu 2009.

Anapeza zinthu zitatu zimene zimagwirizira mphika umodzi ngati mafuwa. Loyamba ndi njala yofuna kuwerengedwa ngati munthu, imene imakula munthu akachititsidwa manyazi kapena akataya zonse. Lachiwiri ndi nkhani yomuuza amene wamulakwira komanso chimene achite kuti ulemu wake ubwerere. Lachitatu ndi gulu lomuombera m'manja akaikhulupirira nkhaniyo. A Tamil Tigers sankamenyera chipembedzo, ankamenyera dziko lawolawo, koma mafuwa anali omwewa. N'chifukwa chake ine sindivomereza anthu akamati vuto ndi kupemphera kwambiri.

Tayang'anani kalata yanu yomwe. Mbuzi, dimba, mkazi, zonse m'chaka chimodzi. Mnyamata amene ankagulitsa mbatata ndi chimanga chachiwisi cha m'dimba lake wasanduka woima pamzere ndi thumba m'manja kudikira kuti amutchule dzina. Ine zimenezi ndinaziona ndi maso mu January 2015, pamene ndinkathandiza pa msasa wina wa anthu othawa madzi. Panali mnyamata wina amene ankakhala kuseri kwa kalasi tsiku lonse, osayankhula, akutokosa pansi ndi kamtengo. Ufa akalandira ankangopatsira mkazi wake osamuyang'ana kumaso. Tsiku lina wa zaumoyo anamupatsa ntchito yothira mankhwala m'zidebe za madzi akumwa ndi kulemba m'kope chidebe chilichonse. M'mawa mwake ndinamupeza wachapa malaya, cholembera wapanika kukhutu, akudzudzula amayi achikulire amene anabwera ndi chidebe chosatsuka. Ufa unali womwewo, tenti yomweyo. Chimene chinasintha n'chakuti pamsasapo panali ntchito imene ikanaima iye akanapanda kudzuka.

Kagulu ka usiku kaja kanam'patsa mwana wanu chinthu chimenechi. Kumeneko amamutcha wosankhidwa, mwina ndiye amaimba ng'oma kapena kutsegula pemphero. Ndiye inu mukamabwera ndi vesi, iye sakumva vesi. Akumva kuti mukufuna kumuchotsa pamalo okhawo pamene akuoneka ngati munthu. Katswiri wina wa saikoloje, Jeremy Ginges, ndi anzake anafalitsa kafukufuku mu 2009 wochokera kwa Apalestina, Aisraeli ndi anthu a zipembedzo zina m'maiko angapo. Anapeza kuti kuchuluka kwa mapemphero a munthu payekha sikunkasonyeza ngati angavomereze zodziphulitsa ndi mabomba pofuna kupha adani. Chimene chinkasonyezako ndi kuchuluka kwa nthawi zimene amasonkhana ndi gulu lake. Musamve ngati ndikuti kusonkhana n'koipa, inenso Lamulungu sindijomba. Ndikuti chingwe chimene chamumanga ndi anthu, ndiye chomumasula chikhalenso anthu.

Ku Sri Lanka kuja Kruglanski ndi anzake anayerekeza magulu awiri a omangidwa a Tamil Tigers. Ena anaphunzitsidwa ntchito zamanja, kubwerera ku sukulu ndi kulandira uphungu, ena analandira zochepa chabe. Patapita miyezi, maganizo achiwawa anatsika kwambiri mwa oyamba aja, ndipo kutsikako kunkayendera limodzi ndi kusiya kudziona ngati opanda pake. Boma la kumeneko linadzudzulidwa kwambiri pa nkhanza za nthawi ya nkhondoyo, choncho sindikuliyamikira, ndikungotola chimene chingatithandize kuno.

Za chiphaso chovotera, mtima ukhale pansi pang'ono. Ine ndimavota ndipo ndimafuna aliyense azivota, koma kukana ndale pakokha si chiwawa. Inu ndi ine tikukumbukira a Mboni za Yehova amene analetsedwa m'dziko muno mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Pa nkhani imene ija opyola muyeso anali anyamata a chipani amene ankanyamula zibonga. Ngakhale lero, mnyamata wodzipaka penti thupi lonse n'kumagenda msonkhano wa chipani china ali pa mafuwa atatu omwe aja: akufuna abwana amutchule dzina.

Koma pali malire, ndipo apa ndikunena motsindika. Ku Shakahola m'dziko la Kenya mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kusala kudya mpaka imfa, kuphatikizapo ana ambiri. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, nkhondo imene inayamba mu October 2017 inakoka anyamata ambiri osowa pogwira. Mukadzamva kuti m'kagulumo ana akuletsedwa chakudya, sukulu kapena chipatala, kuti anthu akuuzidwa kugulitsa katundu n'kusamukira kutchire, kapena kuti ayamba kutchula anthu oyenera kufa, musadikire. Pitani kwa amfumu, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi kupolisi tsiku lomwelo.

Ngati sizinafike pamenepo, mavesi aja yambani mwawasunga. Musamuitanire bwalo la abale kuti mumukhalitse pakati, manyazi ndiwo anayambitsa zonsezi. Mupiteni nokha madzulo dzuwa litazizira, ndipo mukapemphe thandizo lenileni, losanamizira. Inu mukudziwa chimene manja ake amatha. Ngati ndi dimba, mugawireni ndime yakeyake madzi akaphwa, mbewu mugule ndinu koma zokolola aziyendetsa yekha. Ngati ndi ziweto, mupatseni mbuzi yaikazi imodzi kuti aziweta, ana oyamba akhale ake. Akakana kudya nanu musakwiye, amayi ake azimuikira nsima yake pambali tsiku lililonse, ndipo akafuna kupempherera chakudyacho mwa njira yake, tsekani maso mumuyankhe ameni. Pa mwambo uliwonse wa pabanja muzimutumira uthenga ngakhale mukudziwa kuti sabwera.

Zimenezi sizitha mwezi umodzi, mwina zidzadutsa dzinja lonse. Mundilemberenso mukakolola mapira, mundiuze ngati mbuzi ija anailandira.