Amayi apite ku opaleshoni kapena adikire mliri uthe?

Achemwali, mwafunsa ngati amayi apite ku opaleshoni ya chithokomiro pa tsiku lomwe adawapatsa, poti Covid yayambanso kumveka kwanuko. Ine ndagwirapo ntchito ku thiyeta zaka zingapo, ndiye ndikuuzeni momwe ndimaionera nkhaniyi.

Thiyetayo siindiopsa kwenikweni. Chondiopsa ndi wodwala kulowamo kachilombo ka Covid kali kale m'thupi. Opaleshoni ya pakhosi amamugonetseratu munthu n'kumulowetsa kapaipi kopumira, ndipo akamadzuka mapapo amakhala atafooka. Kachilombo kakawapeza ali choncho, chibayo sichichedwa. Mu 2020 madokotala a gulu la COVIDSurg adatsatira odwala 1,128 m'maiko 24 omwe adachitidwa opaleshoni ali ndi Covid kapena adaitenga atangochitidwa. Theka la iwo adavutika ndi mapapo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adamwalira pasanathe masiku 30. Musadzidzimuke, ambiri anali a opaleshoni yadzidzidzi ndipo nthawiyo katemera kunalibe. Chaka chotsatira gulu lomwelo lidapeza kuti ngoziyo imatsika munthu akadikira masabata 7 chidwalireni. Masiku ano amene adabayitsa katemera n'kudwala pang'ono chabe sadikira motalika choncho, koma wogamula ndi dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni.

Ndiye chonde, amayi asakabise chifuwa kapena kutentha thupi. Anthu amabisa, ndawaona. Munthu wadikira tsikuli miyezi, wagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti, ndiye akamuuze kuti abwerere? Amangoti ndili bwinobwino, kwinaku akumeza chifuwa. Ndimawamvetsa ndithu, koma m'mene timadzazindikira amakhala ali kale pa okosijeni.

Musanayambe ulendo imbani foni kapena tumani munthu akafunse ngati odwala akuwayeza asanalowe, komanso ngati wodi ya opaleshoni adaisiyanitsa ndi ya odwala chifuwa. Akakuuzani kuti tsiku lasunthidwa, musafulumire kunena kuti ndi ulesi. Mukukumbuka Januwale 2021, Pulezidenti Chakwera atalengeza kuti dziko lili pa ngozi, bwalo la Bingu ku Lilongwe n'kusanduka chipatala? Okosijeni adasowa, ndipo dokotala wanzeru sangagonetse munthu alibe pothawira zinthu zikavuta.

Pomwe ambiri timatayirira ndi pa ugadiyani. Sankhani munthu mmodzi wathanzi, asamasinthanesinthane, azivala masiki ndi kusamba m'manja ndi sopo asanawagwire amayi. Kuchitando anthu amagona mothithikana, ndipo matenda amatha kulowa m'wodi ndi wobweretsa phala. A kumpingo ndi achibale adzawazonde kunyumba, Mulungu amamva ndi kutali komwe.

Zonsezi ndikunena ngati chotupacho chili phee. Koma ngati amayi ayamba kubanika akagona chagada, chakudya kukanirira pakhosi, mawu kusasa, kapena adokotala adatchulapo za khansa, imeneyo si yodikiranso ayi. Pitani nawo sabata yomwe ino, mukanene zizindikirozo momwe zilili, ndipo musaiwale buku lawo lakuchipatala.