RoboCop ine ndimaionera ndili ndi chipsera kumutu

Achimwene, mukadabwa kuti filimu ya 1987 yodzaza magazi chonchija anthu akuikakamirabe bwanji, ndiye kuti simunalembedwepo ntchito ndi kampani yokuonani ngati wilibala. Pepani ndayamba ndi ukali, mwandiponda pachilonda.

Ndinaionera koyamba ndili mwana mu vidiyo sho ku Ndirande, titapanikizana pabenchi, tepi yake yotheratu moti chithunzi chinkachita kunjenjemera. Chizungu sitinkamva. Tinkangokuwa RoboCop akasolola mfuti m'ntchafu, basi tathana nazo. Zoti filimuyi ikutonza makampani ndinazimva nditakula, ndipo chinandiphunzitsa ndi chikwanje.

Ndinagwirapo ulonda pakampani ina yachitetezo, dzina sinditchula. Anandiika pamalo osungira katundu ku Limbe, usiku, ndekhandekha. Zida zanga zinali chibonga, wenzulo ndi wailesi yolankhulirana yomwe batire lake linkatha usiku usanafike pakati. Ndinadandaula kangapo, yankho linali lakuti tiona mawa. Tsikulo kunkagwa chimvula, magetsi atathima. Akuba atafika, sindinawawerenge kuti analipo angati. Ndinadina batani la alamu, zii. Wailesi, zii. Woyamba anandimenya ndi chitsulo pamkono wamanzere, ndinamva fupa likuti thyo ngati nkhuni youma. Wachiwiri anandikhapa kumutu. Anandimanga ndi zingwe za jombo zanga zomwe, n'kundigoneka chafufumimba m'matope, magazi akulowa m'diso, madzi amvula akulowa m'mphuno. Ndinkamva galimoto ikupakira katundu mwachifatse, wina akuimba mluzu ngati ali kumunda kwake. Ndinagona pomwepo mpaka mbandakucha. Anandipeza ndi mayi wina wogulitsa mandasi, amene anang'amba chitenje chake n'kundimanga kumutu. Mulungu awadalitse mayi amenewo kulikonse ali.

Bwana anafika dzuwa litatuluka, nsapato zili mbee. Funso lake loyamba: atenga makatoni angati? Lachiwiri: wailesi ili kuti? Ine ndili gone pansi, mkono utapindikira kwina. Kutha kwa mwezi anandidula ndalama ya wailesi ija, n'kuwonjezapo ya yunifolomu, ati ndinaiwononga. Ndi magazi angatu amenewo! Nditachoka kuchipatala anayamba kufalitsa kuti ndinapangana ndi akubawo, kenako kalata, ntchito yatha. Munthu ameneyo mpaka lero ndikamuona mu galimoto mtima umachita kuwira, ndipo Lamulungu amakhala kutsogolo kutchalitchi.

Tsopano kumbukirani malo aja mu filimu pamene Dick Jones, mmodzi mwa mabwana a OCP, kampani yoyendetsa apolisi mumzinda wa Detroit, akuonetsa akuluakulu anzake chimakina chake cholimbana ndi zigawenga, ED-209. Ampatsa mfuti mnyamata wa muofesi, Kinney, kuti ayesere. Chimakinacho chimuuza kuti aitaye pasanathe masekondi 20. Iye aitayadi, koma icho chingopitiriza kuwerenga, n'kumuwaza zipolopolo mpaka kugwera pa kachifaniziro ka Delta City, mzinda womwe kampaniyo ikufuna kumanga. Mtembo uli pomwepo, Jones akuti ndi kavuto kakang'ono chabe, ndipo mkulu wa kampani akudandaula za ndalama zomwe zitayike chifukwa ntchito ichedwa. Anthu amaseka pamenepa. Inenso ndimaseka, koma ndimakhala ndikumva mawu a bwana uja akufunsa za makatoni.

Pena pamene pamandipweteka zedi ndi pa mkono. Murphy, wapolisi yemwe anadzasanduka RoboCop, amene anasewera ndi Peter Weller, kampani inamusamutsira dala kudera loopsa la Detroit podziwa kuti kumeneko apolisi amafa, ndipo iwo akufuna thupi loti apangire makina awo. Gulu la zigawenga la Clarence Boddicker litamupha, madokotala akuti tapulumutsa mkono umodzi. Bob Morton, bwana wa ku OCP woyang'anira ntchito yopanga RoboCop, akuti uchotseni. Wina n'kuwonjeza kuti munthuyu anasaina mapepala polowa ntchito, mwalamulo ndi wakufa, angathe kumuchita chilichonse. Ine mapepala anga ndinasaina osawerenga, nditaimirira, bwana atagwira cholembera china kudikira wotsatira pamzere.

Ndiye mukati magazi achuluka, achulukadi, koma sanawaikire kukoma. Paul Verhoeven, amene anatsogolera filimuyi, ndi wa ku Netherlands, anakulira ku The Hague pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, asilikali a Germany atalanda dziko lawo, mabomba akugwa pafupi. Munthu wotero sangakujambulireni chipolopolo ngati kaphokoso chabe. Oyang'anira mafilimu ku America anachita kumudulitsa kangapo asanavomereze kuti ionetsedwe. Pakatikati amaikamo timalonda tabodza ta pa TV, banja likusewera masewera oponyerana mabomba a nyukiliya likumwetulira, owerenga nkhani akulengeza imfa za anthu mano ali pamtunda. Tsegulani foni yanu lero muone ngati zasiyana. Detroit yeniyeniyo mu 2013 inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake, anthu n'kumakumbukira filimu yomweyi, ngakhale kuti zambiri anajambulira ku Dallas.

Mathero ake enafe timawaona mosiyana. RoboCop anamuikira lamulo lachinayi lobisika, loti sangamange mkulu aliyense wa OCP. Jones amamuwombera pokhapokha mkulu wa kampani atanena kuti wamuchotsa ntchito. Anthu amaomba m'manja akamati dzina lake ndi Murphy, chonsecho kampani ili chilili, ndipo iye akadali katundu wawo.

Langizo langa kwa amene muli paulonda kapena m'mafakitale: chilichonse mwasaina jambulani pafoni, ndipo mukavulala pitani kuofesi yoona za apantchito msangamsanga, chikalata chakuchipatala chili m'manja. Ine sindinapite, ndinkaopa kuti adzandiipitsira mbiri kwina. Komanso musalimbane ndi bwana, ntchito ikusowa kunja kuno, mukaipeza gwiritsitsani ngakhale wailesi ikhale yakufa. Akuba akabwera thawani, katundu si wanu. Ndikunena ine amene ndinaima ndi chibonga, ndipo mwina zitachitikanso ndikhoza kuimanso, sindikudziwa mutu wangawu.

Ana anu musawaonetse ayi, ngakhale ine ndinaionera ndili wamng'ono ndipo sindinapenge. Inuyo funani ya 1987 yosadula. Ija anaipanganso mu 2014 anaifewetsa kuti ana azaka 13 azionera, ndipo ine ndinagona isanathe. Pokhapo pamene Emil, wa m'gulu la Boddicker, akugunda thanki ya mankhwala apoizoni ndi galimoto, musakhale mukudya nsima.