Mwana wa zaka 17, Sienta ndi dobadoba wa laisensi: yankho langa kwa mayi a ku Chilomoni

Mayi, zikomo pondilembera. Ndibwereze kaye mwachidule kuti tione ngati ndamva bwino. Mwana wanu ali ndi zaka 17, azakwana 18 mu Febuluwale, walemba MSCE ndiye akungokhala pakhomo. Bambo ake agula Sienta akufuna mnyamatayo aziyendetsa ngati taxi, mwati galimoto amatha kale poti amalume ake anamuphunzitsa pa ground. Ndiye pali munthu wina amene amapezeka panja pa geti ku Road Traffic walonjeza kuti mukampatsa ndalama laisensi ituluka sabata imodzi, zaka azakonza yekha, mwana osalemba mayeso. Mukufunsa ngati zili bwinobwino, komanso inuyo muli ndi zaka 44 mukufuna yanu koma simukudziwa poyambira.

Za dobadobayo ndiyankhiretu, ayi mayi, musapereke ngakhale 1 tambala. Ndipo si nkhani yongoti mwina akubelani, ngakhale zimenezo zimachitikanso kwambiri, foni imangozima basi. Vuto lenileni ndi loti ngakhale khadilo litatulukadi, looneka bwino, chithunzi cha mwana chili poti mbee, pamaso pa lamulo laisensi yopezeka mozembera ndondomeko imatengedwa ngati palibe. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, limafuna zaka 18 kuti munthu ayendetse galimoto, palibe zoti ndi wamtali kapena amatha rivesi kuposa bambo ake. Wa zaka 16 amangololedwa njinga yamoto yaing'ono yosapitirira 125cc, ija ya khodi A1. Tsono kuti wa 17 aoneke wa 18 ndiye kuti penapake palembedwa bodza, pomwe tsiku lake lenileni lobadwa lili pa chiphaso cha unzika cha NRB, mwinanso ku buku la ubatizo ku tchalitchi. Wofufuza savutika nazo izi, amangoika mapepala awiri pa tebulo nkufunsa kuti kodi unabadwa kawiri?

Milandu yake ndi ingapo ndipo siigwera dobadoba yekha. Kugwiritsa ntchito chikalata chachinyengo ndi mlandu pa Penal Code, lamulo la milandu ya upandu. Ngati ndalama yanuyo yadutsa kukafika kwa wogwira ntchito m'boma, lamulo la ziphuphu la Corrupt Practices Act limagwira wopereka ndi wolandira yemwe, a bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB sasankha kuti awa ndi mayi achifundo amangofuna kuthandiza mwana. Komanso mwini galimoto amene walola munthu wopanda laisensi kuyendetsa pamsewu naye walakwira lamulo, apa ndikunena bambo akewo ngati blue book ili m'dzina lawo.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa ine si chindapusa cha pa roadblock, ndi tsiku la ngozi. Ndinakhalapo ndi bambo wina pa benchi panja pa khothi la majisitireti, anabwera ndi envulopu ya khaki yonyowa ndi thukuta, mkatimo muli pepala la inshuwalansi, lipoti la apolisi ndi kalata yochokera kwa loya wa mbali inayo. Mphwake wopanda laisensi anagunda mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, mwendo unathyoka pawiri. Bamboyo ankangobwereza mawu amodzimodzi, akuti koma inshuwalansi ndinalipira bwana, ndinalipira. Analipiradi. Koma titatsegula pepala la inshuwalansi lija tinapeza mzere uja umene anthu sitiwerenga, woti woyendetsa akhale ndi laisensi yovomerezeka. Kampani inakana kukonza galimoto yake, ndipo pa chipukuta misozi cha wovulalayo tinalimbana miyezi, pamapeto pake anagulitsa poloti. Mnyamatayo amathadi kuyendetsa, palibe anatsutsa zimenezo, koma khothi silinafunse funso limenelo.

Onjezani apa kuti Sienta yanuyo mukufuna izinyamula anthu olipira. Imeneyo ndi nkhani ina pamwamba pa laisensi. Wonyamula anthu kapena katundu pa malonda amafunika PrDP, chilolezo cha dalaivala wa ntchito, ndipo khodi B yokha, laisensi ya galimoto zing'onozing'ono, siikwana. Galimotoyo ikhale yolembetsedwa ngati ya malonda, COF yake, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ikhale ya moyo, inshuwalansi ikhale yophimba anthu okwera osati ija ya galimoto ya pakhomo yopitira ku tchalitchi. Ndiye ngakhale mu Febuluwalemo atapeza B mwachilungamo, musaganize kuti mawa lake ali pa siteji kuitanira ma pasenja. Auzeni bambo akewo kuti pakadali pano alembe dalaivala wa mapepala okwana, alembelane pangano la tageti ndi za mafuta, aone PrDP ndi maso awo ndi kujambula kopi. Mwanayo akhoza kumathandiza kuwerengera ndalama madzulo, aphunzira zambiri pamenepo kusiyana ndi pa chiongolero.

Tsopano njira yeniyeni, imene ili imodzimodzi kwa inu lero ndi kwa mwana akakwana zaka. Ofesi yake ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, DRTSS, ife timangoti ku Road Traffic, ilipo ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Mupite nokha ndi chiphaso cha unzika, akakulembetseni mu kompyuta yawo ija ya MalTIS, akujambulani nkhope, atenga zidindo za zala, mupeza Traffic Register Card. Zala zimenezi ndi zimene zimapangitsa kuti nkhani ya dobadoba ikhale yoopsa, chifukwa bodza likangolowa mu sisitemu limamatirira pa zala za mwana wanu moyo wake wonse, tsiku lina azafuna ntchito ya thiraki yopita ku Beira kapena Joni, kampani nkufufuza, zonse poyera.

Mukatero mulembetse ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto yovomerezeka ndi DRTSS. Apa chenjerani, si aliyense wopaka L pa Vitz amene ali sukulu. Funsani chilolezo cha sukuluyo komanso cha mlangizi, sachita kukwiya ngati ali nazo. Musanalipire lemberanani kuti ndalamayo ndi ya masiku angati, tsiku lililonse mphindi zingati pa chiongolero, galimoto ya tsiku la mayeso ili momwemo kapena mulipira padera, nanga mukalephera kubwereza ndi zingati. Risiti iliyonse sungani. Madandaulo ambiri amene ndimalandira ndi omwewa, munthu walipira mwezi wathunthu koma akukwera anthu asanu galimoto imodzi, iye kugwira chiongolero mphindi khumi basi kwinako akungoonerera ali kumbuyo. Zikatero muli ndi ufulu, lembani kalata yofuna ndalama yanu kapena masiku anu, akakana pitani ku CFTC amene amaona za ogula, kapena kasumeni ku khothi la majisitireti, nkhani zazing'ono chonchi sizilira loya.

Kenako kuyezedwa maso ndi mayeso a Highway Code pa kompyuta. Ngati mumavala magalasi valani, musachite manyazi. Mukakhoza mupatsidwa lenala, ndipo lenala si laisensi mayi, ndi chilolezo chophunzirira. Muziyendetsa pali munthu wa laisensi ya khodi yomweyo pambali panu, L kutsogolo ndi kumbuyo, osanyamula anthu olipira. Ili ndi tsiku lothera lolembedwa pomwepo, liyang'aneni, ambiri amagona nayo mpaka kutha nkuyambiranso. Mukakonzeka ndiye mayeso a pamsewu ndi woyesa wa boma, mukakhoza mulipira za khadi. Khodi B ndi ya galimoto zosapitirira makilogalamu 3,500, Sienta ili momwemo, C1 ndi ya malole apakati mpaka 16,000. Ndalama iliyonse ya boma lipirani potsata invoyisi yochokera mu sisitemu ndipo mulandire risiti, osati m'manja mwa munthu pansi pa mtengo.

Za zaka 44 musadandaule nazo, lamulo lili ndi malire a pansi, ndipo kunena zoona azimayi a msinkhu wanu amene ndikuwadziwa anakhoza bwino kuposa anyamata, poti samathamangira kuonetsa luso. Langizo langa chabe, osati lamulo, phunzirani ya magiya ngakhale ya pakhomo ili otomatiki, kilachi ikuvutani sabata ziwiri pa chitunda cha ku Chilomoniko kenako mwendo uzolowera.

Nanga akakulepheretsani inu mukuona kuti sizinayende chilungamo, kapena fayilo yangokhala miyezi popanda chifukwa? Gawo 43 la Malamulo aakulu a dziko limakupatsani ufulu woti ofesi ya boma ikuchitireni zinthu mwachilungamo komanso ikupatseni zifukwa molemba pamene chiganizo chake chakhudza ufulu wanu. Pemphani pepala la zotsatira muone pamene mwalakwitsa. Lembani kalata kwa mkulu wa ofesiyo, sungani kopi yodindidwa. Zikakanika kuli ofesi ya Ombudsman yolandira madandaulo a maofesi a boma, kumeneko simulipira. Wina akakuuzani kuti kuti mukhoze muponye kenakake, imeneyo ndi ya ACB. Koma ndinenenso, nthawi zambiri munthu amalephera chifukwa sanayang'ane pa galasi kapena galimoto yabwerera m'mbuyo pa chitunda, osati chifukwa chomuda, ndiye werengani kaye pepalalo mtima uli pansi.

Mwanenanso pang'ono kuti mwanayo amaitulutsa kale galimoto madzulo kukagula buledi. Zimenezo zithe lero, makiyi azigona m'chikwama mwanu. Msewu wa m'lokeshoni ndi msewu wa anthu onse ngakhale uli wafumbi, ndipo ndi momwe ana amasewera mpira. Zitachitika kuti apolisi amugwira, dziwani izi. Ayenera kuuzidwa chifukwa chomwe amugwirira m'chilankhulo chimene akumva, ali ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo gawo 42 limati wogwidwa afike ku khothi pasanathe maola 48. Kuyambira 2017 Malamulo aakulu amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndiye makolo muyenera kudziwitsidwa, asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo nkhani yake ndi ya khothi la ana. Belo ya ku polisi ndi yaulere, wina asakuuzeni mtengo. Chindapusa mukalipira mulandire GR, risiti ya boma, ndipo ngati mlanduwo simukuuvomera muli ndi ufulu wonena kuti tikaonane ku khothi. Ngati loya wolipira simungakwanitse pitani ku Legal Aid Bureau. Pakachitika ngozi aime, wovulala athandizidwe, ku polisi mukanene tsiku lomwelo, zothawa ndi zosinthana mpando kuti aoneke ngati amayendetsa ndi bambo ake zimangoonjezera mlandu wina pa mlandu.

Ndiye chochita sabata ino, dobadobayo muuzeni kuti mwasintha maganizo, musakangane naye, ngati munamupatsa kale kopi ya chiphaso cha mwana itengeni. Gulani buku la Highway Code, inu ndi mwana muziwerengera limodzi madzulo muzifunsana zikwangwani, inu mukalembetse panopa iye azakutsatirani mu Febuluwale. Ndipo munditumizire chithunzi cha mapepala a inshuwalansi ya Sientayo, masamba onse ndi tizilembo tating'ono tomwe, ndione ngati ikuphimba anthu okwera musanaiike pamsewu.