Yankho kwa achimwene a ku Moatize: polvo ndi nkhono za m'nyanja m'thanki ya pabalaza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Moatize. Akuti pa tchuthi anafika ku Vilankulo, anaona asodzi atagwira polvo wamoyo, nyama ya mikono isanu ndi itatu ija imene pa Chingerezi amati octopus, mtima wawo n'kutsala komweko. Pano agula thanki yagalasi ya malita 200, ndipo akufuna kuikamo polvo mmodzi pamodzi ndi nkhono zikuluzikulu za zigoba ziwiri, zamnofu wabuluu ndi wobiriwira, zotchedwa Tridacna. Afunsa kuti agule kuti, nanga ayambe ndi chiti.

Achimwene, ndiyambe ndi zowawa. Ziwirizi sizigonera nyumba imodzi. Kuika nkhono m'thanki ya polvo n'kusungitsa mbuzi kwa fisi, chifukwa nkhanu ndi nkhono ndiye ndiwo zake za masiku onse. Akalephera kukanula chigoba ndi mikono amachiboola, n'kuthiramo malovu aululu, nyama yam'kati n'kulefuka. Komanso nkhonozi zimafuna kuwala kwamphamvu tsiku lonse, pamene polvo amakonda mdima ndi mphako.

Koma ngakhale musankhe chimodzi, mdani wanu wamkulu sali m'madzimo. Ndi dzuwa lathu lino la ku Tete. Zamoyo za m'matanthwe a m'nyanja zimafuna madzi apakati pa madigiri 24 ndi 27, ndipo akafika pa 30 n'kukhalitsa pamenepo zimayamba kufooka. Inu mukudziwa mmene Okutobala ndi Novembala amakhalira ku Moatize, kutentha kupitirira 40, mpando wapulasitiki kumawotcha ngati unali pamoto. Madzi akatentha mpweya umachepamo, ndipo polvo ndi nyama yofuna mpweya wambiri: ali ndi mitima itatu, magazi ake ndi abuluu ndipo sanyamula mpweya bwino ngati athu madzi akafunda. Fani yopemerera pamwamba pa madzi imathandiza pang'ono chabe. Pamafunika makina oziziritsa madzi, aja amati chiller, oyaka usana ndi usiku.

Ine zinandionekera. Chaka changa choyamba ndi thanki yamchere, magetsi anathima masana ine ndili kuntchito. Pofika madzulo ndinapeza madzi ali mbuu, fungo lili gu! m'nyumba monse, tinsomba tiwiri tili chagada pamwamba. Ndinathamangira mabotolo a madzi oundana a m'firiji n'kumawayandamitsa m'thankimo, koma kunali kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. Mayi a kunyumba anangoti, "Ndalama zija bwenzi titagula malata." Sindinayankhe. Tili pafupi ndi damu la Cahora Bassa, inde, koma zimenezo sizitanthauza kuti waya wofika kunyumba kwanu sadzakukhumudwitsani. Musanagule chamoyo chilichonse, batire ndi inveta, kapena jenereta, zikhale zilipo kale. Anzathu a ku Ulongwe ndi ku Tsangano nkhani ya kutenthayi siwavuta kwambiri. Iwo mu Juni amafunika chotenthetsera madzi.

Kenaka madzi. Mchere wa m'khitchini ayi, ngakhale uja wamiyala wa pamsika. Pamafunika mchere wopangidwira mathanki a zam'nyanja, pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse. Thanki yanuyo idya makilogalamu 7 kungoidzaza koyamba, kenaka mukamasintha malita 20 pa sabata ndi magalamu 700 nthawi iliyonse. Madzi a pampopi kapena a mu Zambezi ayenera kudutsa kaye mu sefa ya RO (reverse osmosis), yochotsa zosungunuka ndi zonyansa m'madzi. Madzi akaphwa chifukwa cha kutentha muziwonjezera opanda mchere, poti mcherewo suuluka, umatsala momwemo. Za kutunga madzi a m'nyanja m'zigubu iwalani: Beira ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ndipo simungamayende ulendo umenewo sabata ndi sabata.

Za polvo, maganizo anga ndi akuti musiyeni. N'zoona ndi wanzeru, amatsegula botolo, amazindikira womudyetsa. Koma mitundu yambiri imakhala chaka chimodzi kapena ziwiri basi, ndipo amene asodzi agwira amakhala atakula kale, mwina kwamutsalira miyezi yochepa. Wamkazi akaikira mazira amasiya kudya, amawalondera mpaka aswe, iye n'kufa. Alibe fupa, chinthu cholimba m'thupi mwake ndi mlomo wokha, ndiye paliponse pamene mlomowo ungalowe thupi lonse lidutsa. Chivundikiro chopanda chotsekera amachikankha, m'mawa mudzamupeza atauma pansi pa sofa. Akadzidzimuka amatulutsa inki yakuda imene m'thanki yaing'ono ingamutsamwitse yekha. Thanki imene munathiramo mankhwala a nsomba okhala ndi kopa (mkuwa) siimuyeneranso. Nanga nkhanu ndi nsomba zam'nyanja zoti azidya mukazipeza kuti ku Moatize? Kapenta wouma sangamusunge. Ndipo wina akakutsatsani kapolvo kakang'ono ka timizere tozungulira tabuluu, thawani: ululu wake umapha munthu ndipo ulibe mankhwala.

Nkhono za Tridacna n'zotheka, koma osati chaka chino. Mumnofu mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimapanga chakudya ndi kuwala, n'chifukwa chake nyale yake iyenera kukhala ya LED yopangidwira makorali, zamoyo zomanga matanthwe a m'nyanja, osati babu la pabalaza. Chigoba chimakula ndi kashiamu, amene m'madzimo ayenera kukhala pakati pa 400 ndi 450 mamiligalamu pa lita, choncho muzolowere kuyeza madzi. Thanki iyambe yayenda miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Mwa mitundu ya Tridacna, wa derasa ndiwo wopirira, ngakhale umakula mpaka theka la mita. Crocea ndi maxima n'zokongola koma zimafuna kuwala koopsa.

Tsiku logula, dutsitsani dzanja pakati pa nyale ndi nkhonoyo. Yamoyo bwino ikaona mthunzi imadzikoka msangamsanga. Ikangokhala yasaa, mnofu utatuwa kapena utabwerera m'kati, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Itembenuzeni muone kunsi ngati kuli tinkhono toyera tonga njere za mpunga, timeneto timayamwa madzi a m'thupi mwake. Ikakhala itamatirira pamwala ndi ulusi wake, musaizule, gulani ndi mwala womwewo. Yochepera masentimita 5 imafa msanga m'manja mwa woyamba kumene.

Pomaliza, kogula. Mitundu ya maxima ndi squamosa imapezeka m'nyanja yathu yomwe ino, ku Bazaruto ndi ku Quirimbas, koma Bazaruto ndi malo otetezedwa, ndipo Tridacna zonse zili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, limene mayiko anagwirizana pofuna kulamulira malonda a zamoyo zimene zingathe kutha. Kudutsa nazo malire popanda chilolezo ndi mlandu, kaya mwazitenga ku Johannesburg kaya kwina. Funani zoweta, ndipo wogulitsayo akuonetseni mapepala musanatulutse metikali ngakhale imodzi.

Pakadali pano dzazani thankiyo ndi madzi amchere, muikemo miyala ndi choyezera kutentha, mulembe manambala m'kope m'mawa ndi masana mpaka Novembala athe. Mukatero mundilembere, ndione kopelo.