Za Australia, ndi kope la amalume lija

Eee, msuweni... ndaliona funso lako. Ndimati ndilembe koma zala zakana, ndiye ungomvera. Ena pa gulupu pano amene mawu anga amakutopetsani, dutsani, palibe wakugwirani mwendo.

Ndiye akuti, dikira ndiwerenge bwinobwino... "Likulu la dziko la Australia ndi Sydney kapena Melbourne?" Hehe. Iwe! Pakati pa usiku, anthu tagona, iwe uli maso gwa ndi Australia. Uli ndi ndani kumeneko? Lolemba unafunsa za dziko lomwe linayamba kutenga World Cup, Lachitatu za nyimbo ija ya Whitney Houston, lero izi. Ukuyesa sitikuona? Amayi ako anandinong'oneza kale kuti kuntchito kwanu akuika mu timu ya kwizi, mpikisano ndi Loweruka, ndipo wayamba kale kudandaula mutu. Mutu umene uja wa tsiku la sutikesi. Timaudziwa.

Ndikuyankha, usafulumire. Koma wandikumbutsa amalume. Osati bambo ako, iyayi, bambo ako aakulu. Ukukumbuka kope lawo lija lomanga ndi mphira? Lachikuto chofiira... ayi ayi, lakuda, lofiira linali la ngongole, tisalowe m'menemo. Lakuda lija. Munthu uja akangomva kanthu pa wailesi, cholembera chili kale m'manja. Kilimanjaro, mamita 5,895. World Cup yoyamba, 1930, Uruguay inagonjetsa Argentina 4-2 ku Montevideo... eya, yankho lako la Lolemba ndi limenelo, tenga, laulere. Pelé anatenga chikho mu 1958 ali ndi zaka 17. Zonsezo m'kope, zilembo zopendekeka ngati zikuthawa mvula.

Ndiye akayamba ya nkhonya ija! Muhammad Ali ndi George Foreman, Kinshasa, 1974. Samafotokoza ali pampando amalume, amaimirira. Amatsamira khoma kusonyeza mmene Ali anatsamirira zingwe, manja ataphimba kumaso, akuti "msiyeni amenye, atope yekha." Foreman anali ndi zaka 25, Ali 32, anthu ambiri ankati mkuluyo aphedwa basi. Ndiye amalume amawerenga maraundi, woyamba, wachiwiri, ife ana tili kukamwa yasa, pofika wachisanu ndi chitatu amachoka pakhoma paja n'kuponya chibakera chenicheni. Paja galasi la kabati ya agogo linathera pamenepo. Mpaka lero amati unali mphepo. Unali... inali mphepo, kaya, inu mukudziwa.

Koma tsiku limene ndikufuna kunena ndi lina. Tasonkhana kwa agogo, mng'ono wako uja akadali ku pulayimale, wakhala pakona akulemba ntchito ya kusukulu. Kenaka akufunsa, osati amalume, akungofunsa aliyense, kuti dziko lalikulu kwambiri mu Africa ndi... sanamalize n'komwe. Amalume ali kuseri kwa nyuzipepala, "Sudan!" Mwana akuti aphunzitsi anati Algeria. Eee! Nyuzipepala pansi. Akuti aphunzitsi a masiku ano satifiketi amazitola kuti? Analowa kuchipinda, anatuluka ndi buku lawo la mapu lija losowa chikuto, n'kuliyala patebulo. "Taona Sudan apa. Taona Algeria apa. Maso uli nawo?" Ndipo pamapu pawo paja zinali zoona, Sudan inali yaikulu. Amayi anga akuti achimwene, msiyeni mwana alembe. Iwo ayi, akuti lero tikonze maphunziro a mwanayu.

Kamwana kaja, mwaulemu wake, manja kumbuyo, kakuti, "Koma bambo, South Sudan inachoka." Zii. Nyumba yonse zii. Chifukwa pa 9 July 2011 dzikolo linagawikadi, kum'mwera kukhala dziko palokha, likulu Juba, ndipo kuchokera tsiku limenelo wamkulu ndi Algeria. Tsono chimene chimandiseketsa mpaka pano... dikira, ndipume... amalume ankadziwa! Anamva okha pa wailesi, analemba okha m'kope lomwelo, tinakapeza tsambalo, Juba ali pomwepo ndi deti lake. Zinthu ziwiri zonse zinali m'mutu mwawo, kungoti sizinakumane. Pakamwa panafika msanga.

Ukuganiza anavomera? Amalume? Anayang'ana mapu, anayang'ana mwana, akuti, "Funsolo silinatchule chaka." N'kutuluka panja kukaona njinga yomwe inalibe vuto lililonse. Patapita nthawi ndinasuzumira m'kope muja, Sudan sanaifufute ayi. Anangolemba Algeria pambali, ndi pensulo. Ndikuwafunsa chifukwa chake pensulo, akuti mwina adzabwererana.

Aaa, ndatalikitsa. Australia. Si Sydney, si Melbourne, ndi Canberra. Mizinda iwiri ija inkalimbirana, wina osafuna kugonjera mnzake, ndiye anagwirizana zomanga mzinda watsopano pakati pawo. Dzina analipereka mu 1913, koma nyumba ya malamulo inakhalabe ku Melbourne mpaka 1926... ayi, 1927, m'pamene inasamuka. Ndiye amene anakuuza Melbourne sananame kwenikweni, wangochedwa ndi zaka pafupifupi 100. Mwina ndi mnzawo wa amalume.

Tsono tamvera apa, chifukwa ichi n'chimene wafunsa ngakhale sunachilembe. Taona mmene unafunsira: Sydney kapena Melbourne. Unatenga mayina awiri otchuka n'kudzitsekera m'menemo, yankho lili panja. Vuto lako si kusadziwa, msuweni. Iwe umadziwa zambiri kuposa ine, ndinene pagulu, ndipo sindidzabwerezanso. Vuto lako ndi la kumtundu, yankho loyamba likangofika walilavula kale. Ndipo okonza mafunso a kwizi amadya pomwepo. Sakufunsa zimene palibe akudziwa, zimenezo sizikoma. Amafunsa zimene aliyense akuganiza kuti akudziwa.

Likulu la Turkey, pakamwa pakuti Istanbul, koma ndi Ankara. La Nigeria, Lagos ikubwera yokha, koma anasamukira ku Abuja mu 1991. Chipululu chachikulu padziko lonse, aliyense Sahara, chonsecho ndi Antarctica, chifukwa chipululu amayeza ndi kuchepa kwa mvula, osati kutentha kapena mchenga. Nyimbo yako ya Lachitatu ija, "I Will Always Love You", Whitney anaiimba mu 1992 inde, koma akafunsa amene anaipeka ndi Dolly Parton, ndipo anali ataitulutsa kale mu 1974. Mawu amodzi okha m'funso, kuimba kapena kupeka, mapointi apita. Ku mabuku n'chimodzimodzi. Mlembi wachikuda woyamba wa mu Africa kulandira Nobel, theka la holo lilemba Chinua Achebe chifukwa ndi amene tinamuwerenga tonse. Achebe sanalandirepo mphoto imeneyo, zomwe ine zimandipwetekabe, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndi Wole Soyinka, 1986. Ngakhale nkhondo ija ya England ndi France yomwe dzina lake limati zaka 100, inayamba 1337 n'kutha 1453, werengera wekha, 116. Ndiye wina akafunsa kuti inatenga zaka zingati, ukaona funso likuoneka lopusa choncho, dziwa kuti wakutchera.

Ya pa TV imene amaikonda ndi ya ku mwezi, 1969. Anapita angati? Anthu amati awiri poti amene anaoneka akuyenda ndi Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin. Anali atatu. Michael Collins anatsala m'chombo akuzungulira mwezi, osatsika. Munthu kufika pakhomo penipeni osalowa, ine ndikanalira.

Ndiye ndikuti chiyani... ndikuti siya kuloweza usiku, masiku atsalawa sungameze dziko lonse. Zimene uli nazo zakwana. Loweruka funso likabwera, yankho loyamba lija ligwire kaye m'kamwa. Mvera funso mpaka kumapeto, kenaka dzifunse, kodi ili ndalidziwa kapena langotchuka? Kodi sizinasinthe? Likapirira mafunso awiri amenewo, lemba. Nthawi zina loyambalo limakhala lolondola ndithu, likulu la France ndi Paris basi, usakapite kukalemba zachilendo n'kumati ndinakuuza ndine.

Ndipo za mutu zija usiye. Upite. Anzako a mu timu aliyense ali ndi mbali yake, wina mpira, wina nyimbo, iwe mbiri ndi mapu umazitha ukadekha. Ukadekha, ndabwereza dala. Ngati kuli kabelu kodina, kakhale kutali ndi dzanja lako, apatseni munthu wofatsa. Iwe ntchito yako ikhale yonena kuti "tadikirani kaye" anzako akathamangira dzina lotchuka.

Komanso... eee, tadikira. Amalume ali pa gulupu pano? Anawalowetsa ndani? Aaa. Amalume, ngati mwamvera mpaka pano, za galasi zija inali mphepo, tonse tinaiona. Msuweni, iwe, Loweruka foni yanga ikhala yozimitsa, usayese n'komwe zonditumizira mafunso uli pansi pa tebulo.