Kodi maginito a MRI sangakoke ayironi m'magazi a mwana wanga?

A Dokotala, mwana wanga wa zaka 9 ali ndi matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell ndipo wathiridwa magazi kambirimbiri. Akuti akamujambule ndi makina a MRI kuti aone kuchuluka kwa ayironi m'chiwindi, koma ndazengereza miyezi iwiri chifukwa ndinamva kuti maginito ake amakoka ayironi wa m'magazi. Pakadali pano ndikumumwetsa mapiritsi a ayironi owonjezera magazi omwe ndinagula ndekha.
Mayi wodandaula

Mayi, chikukusowetsani tulo ndi mantha oti mungamupereke nokha mwana wanu ku chinthu chomupweteka. Mtima m'malo, sizingachitike.

Maginito a MRI ndi amphamvudi, ambiri ndi a 1.5 kapena 3 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito), ndipo makiyi kapena lumo amazikwatula m'manja. Koma ayironi wa m'magazi si chitsulo chotere ayi. Ndi tizidutswa tomangika patokhapatokha m'kati mwa haemoglobin, chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi, ndipo thupi lonse la munthu wamkulu limangokhala ndi magalamu 3 kapena 4. Aliyense wolowa m'makinawa ali ndi ayironi, koma palibe yemwe magazi ake anakokedwapo. Amene anakuuzaniyo anakunamizani.

Chimene makinawa amamvetsera ndi madzi a m'thupi. Maginito amafoletsa tinthu ta hydrogen ta m'madzimo, mafunde a wailesi n'kutikankha, kenako timabwerera m'malo mwake tikutulutsa kachizindikiro komwe kompyuta imasandutsa chithunzi. Poyamba tinthuto timayendera limodzi ngati oimba a kwaya. Pamene ayironi waunjikana, monga m'chiwindi, kamulu kalikonse kamasokoneza mphamvu ya maginito pozungulira pake, tinthu tija timasiyana mayendedwe msanga, kachizindikiro n'kuzimirira, malowo n'kuoneka akuda. Nthawi yozimirirayo imatchedwa T2*. Ikafupika ndiye kuti ayironi wachuluka; mumtima, ikachepera mamilisekondi 20 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000) timadziwa kuti wayamba kuunjikana. Zonsezi popanda kubaya chiwindi ndi singano.

Tsono za mapiritsi aja, apa mayi ndikudzudzuleni pang'ono. Thumba limodzi la magazi omwe amamuthira limabweretsa ayironi pafupifupi mamiligalamu 200, pamene thupi limataya 1 kapena 2 okha patsiku. Lilibe njira yochotsera wotsalayo, choncho amakhazikika m'chiwindi, mumtima ndi m'kapamba, n'kumawononga mwakachetechete mwana akusewera bwinobwino. Kuchepa kwa magazi kwa sickle cell kumabwera chifukwa maselo ofiira amasweka msanga, osati kusowa ayironi. Munachita mwachikondi, ndikudziwa, koma mukuwonjezera chimene madokotala akuopa. Mapiritsiwo asiyeni lero.

Pitani sabata ino mukapemphe tsiku lina lojambulira, botolo la mapiritsiwo lili m'manja, muwauze kuti anayamba liti kumwa. Nenaninso ngati ali ndi kachitsulo kalikonse m'thupi, kapena ngati analandirapo jakisoni wa ayironi wotchedwa ferumoxytol, poti tizidutswa take timatha kudetsa chithunzi mpaka miyezi itatu. Mukonzekeretseni mwanayo: makinawa amachita phokoso logogoda, adzamutseka m'makutu, adzamupempha kugona osagwedezeka ndi kugwira mpweya kwa masekondi angapo. Sapweteka, ndipo alibe cheza cha X-ray. Zotsatira zikatuluka, funsani ngati akufunika mankhwala ochotsa ayironi monga deferasirox, komanso kuti adzayezedwanso liti.