Kherere imene inandibalalitsira anthu pa event yanga yoyamba

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene chaka chatha anayamba geocaching, masewera osaka zinthu zimene ena abisa potsatira manambala a malo pa GPS. Akufuna kuitana anzake a masewerawa kuti akumane, chimene timachitcha event, ndipo akufunsa kuti akonze mipikisano yanji kuti anthu asatope n'kuthawa. Ndinawerenga kawiri kenako ndinayamba kuseka ndekha. Sindikuseka inu ayi, amayi. Ndikuseka munthu amene ndinali ine zaka zingapo zapitazo, ataima pakapinga, pepala kudzanja lamanzere, kherere kudzanja lamanja.

Inde, kherere. Ndinachita kukagula.

Event yanga yoyamba ndinaikonzekera milungu itatu. Ndinalemba ndondomeko ya mphindi ndi mphindi: kulandira alendo, mawu otsegulira, kugawa magulu, chinsinsi cha manambala choti gulu lililonse limasule, mafunso a mbiri ya geocaching, kupereka mphatso. Anthu anabwera 19, ndipo ine mtima unali m'malo, ndikuti zatheka. Bambo wina wachikulire anafika ndi kachitini kakale, n'kukhuthulira pabenchi ma geocoin ake, tindalama tachitsulo tija tokhala ndi nambala yake yake. Anthu anamuunjirira ngati nyerere. Chapambali, anthu awiri anali atangozindikirana: mmodzi ndi amene anabisa cache (kabokosi kapena kabotolo kamene timasaka) imene mnzakeyo anaisaka katatu osaipeza. Wosakayo anagwira mutu, akufunsa kuti kodi inali pansi pa muzu uja kapena ayi, wobisayo akungoseka osayankha. Ndiye pamenepo ine pyee! kherere, ati tiyeni m'magulu.

Anandimvera, chifukwa ndi anthu aulemu. Koma nkhope zinagwa. Bambo uja anatolera tindalama take kamodzikamodzi n'kutseka chitini. Pofika pa mafunso a mbiri, tinatsala 8, ndipo atatu mwa iwo anali anzanga amene anachita manyazi kundisiya. Potsanzika, bambo wa chitini uja anandiuza mofatsa kuti zinsinsi za manambala amamasula yekha kunyumba usiku, kuno anabwera kudzaona nkhope za anthu. Ndinapsa mtima sabata yathunthu. Zimawawa kuuzidwa zoona ndi munthu amene sanakweze n'komwe mawu.

Taganizani mmene masewerawa alili. Chiyambire, wobisa ndi wopeza sakumana. Pa 2 May 2000 boma la America linasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, ndipo makina amene ankaphonya ndi mamita pafupifupi 100 anayamba kuloza pafupi kwambiri. Tsiku lotsatira Dave Ulmer anakasiya ndowa yakuda m'tchire pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, n'kulemba manambala a malowo pa intaneti. Mike Teague anapita, anaipeza, anakalemba pa intaneti kuti waipeza. Basi. Mpaka lero timachita chimodzimodzi: umapita wekha kapena ndi mwana wako, ukuyang'ana uku ndi uku kuti odutsa asakuone, ukupisa dzanja kuseri kwa mwala, ukusaina kapepala konyowa. Anzako umawadziwa ndi mayina ongopeka amene ali pamwamba pa dzina lako pa kapepalako. Ena umawadziwa kalembedwe kawo, umadziwa kuti uyu amalemba ndi cholembera chobiriwira, uyu amafika m'bandakucha kuti akhale woyamba kupeza, koma mutakumana pamsewu mungadutsane osapatsana moni. Event ndi malo okhawo pamene dzina limapeza mwini wake. Ndiye inu mukawaitana anthu otere n'kuwapatsanso ntchito yosaka, mwawalanda chimene anadzera.

Pa nkhani iyi sindisinthanso maganizo, ngakhale ena andinene. Mpikisano pa event yaing'ono ndi wosangalatsa wokonza yekha. Timaukonza chifukwa timaopa kuti pakhala zii, anthu n'kumati tinalephera. Koma anthu a geocaching sasowa nkhani. Ingotchulani cache imodzi yovuta ya m'dera lanu, muone ngati mupeze mpata wolankhulanso.

Ngakhale malamulo a Geocaching.com, webusaiti imene timalembetsapo ma cache ndi ma event, ali mbali yomweyo. Event imayenera kukhala ya kucheza, osati kungosonkhana kuti tonse tikasake ma cache. Imayenera kutenga mphindi zosachepera 30, ndipo tsamba lake mumalitumiza kusanatsale masiku 14, kuti wowunika aliwerenge n'kulitulutsa. Owunikawa ndi anthu ongodzipereka, ali ndi ntchito zawo ndi mabanja awo, choncho musatumize tsiku lomaliza n'kumawalembera uthenga ola lililonse. Kale ndinkaona ngati malamulowa ndi ongovutitsa. Pano ndimawayamika.

Pali gulu lina limene lidzakupsetsani mtima, ndikuuzirenitu. Kufika pa event kumawerengedwa ngati cache yopezedwa, ndiye alipo anthu amene amafika, kugwira chanza, kusaina, mphindi zitatu ali m'galimoto. Ndinkawada kwambiri, mpaka ndinaganizapo zobisa buku losainamo kufikira kumapeto. Zopusa. Kusaina bukulo sikokakamiza n'komwe, aliyense amene wafika ali ndi ufulu wolemba kuti anabwera. Asiyeni apite. Amene sindimawakhululukira ndi otenga ma trackable, tinthu ta nambala toyenda kuchoka mu cache ina kupita mu ina, osalemba pa intaneti kuti atenga. Ndinali ndi Travel Bug yanga, kachitsulo kokhala ndi nambala kamene ndinamangirira ku kagalu kapulasitiki kothyoka khutu. Kanayenda miyezi yambiri, anthu akukajambula m'malo amene ine sindinafikeko, ndipo ndinkatsegula tsamba lake m'mawa uliwonse ngati kholo lodikira uthenga wa mwana. Kanakathera patebulo la event ina. Wina anakaponya m'thumba, osalemba, mpaka lero kuli zii. Mwina kali m'kabati ya munthu amene anasiya kale masewerawa. Patha zaka koma ndikaona kagalu kapulasitiki m'cache mtima umadumphabe.

Ndipo musadziyerekeze ndi zithunzi za ma event akuluakulu zimene mumaona pa intaneti. Mega-Event imafuna anthu 500 kupita m'tsogolo, Giga-Event anthu 5,000, ndipo Giga yoyamba inachitikira ku Munich mu 2014. Zimenezo zimakonzedwa ndi magulu a anthu kwa miyezi yambirimbiri. Inu mukufuna benchi, mthunzi ndi anthu khumi.

Chinanso chimene chinandichititsa manyazi tsiku lija, ndisanaiwale. Manambala a malo ndinawatenga ndili pansi pa mitengo yowirira, pamene foni imasochera ndi mamita angapo, ndipo sindinabwereze. Analoza kutsidya kwa mpanda. Anthu anayi anazungulira kumeneko kwa mphindi khumi, maso pa foni, ife tikuwaona. Ndi zoseketsa ndithu: munthu amene amapeza kabotolo kochepa ngati chala m'nkhalango amalephera kupeza anthu 15 atakhala poyera, chifukwa anazolowera kuyang'ana pansi. Tengani manambala pamalo oyera, kawiri kapena katatu, ndipo muimike chinthu chooneka patali.

Ntchito yanu yeniyeni

Ili pa munthu watsopano. Pa event iliyonse pamakhala mmodzi amene wapeza ma cache asanu okha, waima chapatali, akunamizira kuwerenga foni. Akale aja akulankhula chinenero chawo, uyu FTF, uyu DNF, uyu TFTC, ndipo watsopanoyo sakudziwa kuti akungonena za kupeza koyamba, kulephera kupeza ndi kuthokoza wobisa. Ine tsiku lija panali mtsikana wotero. Ndinamuona, koma ndinali kalikiliki ndi magulu anga. Sanabwerenso, ndipo dzina lake ndinasiya kuliona pa timapepala. Pa zonse zimene ndinalakwitsa, ichi ndi chimene chimandiwawa kuposa kherere. Mukamuona wotere, siyani chilichonse, mufunseni cache yake yoyamba, kenako mumutengere kwa munthu amene anaibisa kapena amene anaipezapo. Mukatero mwatha, nkhani iziyenda yokha.

Ngati mukuopabe kuti anthu anu ndi amanyazi, konzani CITO m'malo mwake. Imeneyi ndi event yotola zinyalala kapena kusamalira malo, ndipo inayamba mu 2002. Manja akatanganidwa pakamwa pamamasuka, ndaona ndi maso anga anthu osalankhula akubwerako ali mabwenzi, thumba limodzi atagwirizira awiri. Kungoti mupemphe kaye chilolezo kwa oyang'anira malowo.

Tsono yankho la funso lanu, amayi, ndi lalifupi. Ola limodzi ndi lokwanira. Sankhani malo amene munthu wa njinga ya olumala ndi wa mwana wamng'ono angafike, pamene palibe wokakamizidwa kugula kanthu, ndipo muganizire kothawira mvula. Lembani nthawi yoyambira ndi yothera, mufike msanga, muchoke pomaliza. Tengani timapepala tomata pachifuwa kuti aliyense alembepo dzina lake la geocaching, chifukwa dzina lenileni palibe amene akulidziwa. Ikani tebulo la ma trackable ndi pepala lolembapo amene wabweretsa ndi amene watenga, ndipo muwakumbutse kuti nambala yachinsinsi ya trackable siionetsedwa pa zithunzi. Ofuna kukasaka limodzi apangane okha event ikatha. Ngati mtima sukulola kukhala opanda masewera, akhale amodzi, a mphindi zisanu, ndipo wosafuna asakakamizidwe.

Kherere ija ndinakaisiya m'cache ina ya m'mphepete mwa mtsinje ngati chosinthanitsa. Patapita milungu iwiri bambo wina analemba pa tsamba la cache ija kuti mwana wake waitenga, ndipo wakhala akuiimba m'galimoto njira yonse yobwerera kunyumba.